Kafukufuku Womvetsera Anthu: Zimene Zinapezeka M'mudzi wa Marienthal

Cholinga cha phunziro lino

Masiku ano si chachilendo kuona anyamata ndi atsikana atanyamula mapepala kapena timakina ta m'manja akuyenda khomo ndi khomo kufunsa mafunso. Ena amati atumidwa ndi boma, ena ndi bungwe, ena achokera ku sukulu ya ukachenjede. Amatifunsa za ana, za chakudya, za matenda, ngakhale za kuchipinda zimene sitiuza ndi mlamu yemwe. Ife timayankha, iwo n'kumapita, ndipo kawirikawiri sitimvanso kumene mau athu anathera. M'phunziro lino tikufuna timvetse ntchito imeneyi, makamaka kafukufuku uja amene wofufuza amakhala pansi ndi munthu n'kumamvetsera. Tiona m'mene ntchitoyi imagwiridwira, chifukwa chimene ophunzira anainyozera zaka zambiri, ndiponso ufulu umene tili nawo wofufuza akafika pakhomo pathu.

Njira ziwiri zofufuzira

Ku sukulu za ukachenjede kuli phunziro lotchedwa saikoloje. Limafufuza maganizo a munthu, mtima wake ndi khalidwe lake: m'mene amaphunzirira, chimene chimamuopsa, m'mene amapiririra mavuto. Phunziroli linayamba kuima palokha m'chaka cha 1879, pamene Wilhelm Wundt anatsegula chipinda choyeseramo zinthu mumzinda wa Leipzig ku Germany. Akatswiri ake ankafuna kuti anthu aziwapatsa ulemu wonga umene amapatsa akatswiri a sayansi zina, choncho ambiri anakonda kuyeza ndi kuwerengera.

Njira yowerengera imayenda motere. Wofufuza amakonzeratu mafunso pamodzi ndi mayankho ake, inu n'kungosankhapo: inde kapena ayi, kwambiri kapena pang'ono. Amafunsa anthu mazanamazana, pamapeto n'kuwonkhetsa. Njira yachiwiri ndi imene pa Chingerezi amati qualitative research, ndipo ife muno tiitcha kafukufuku womvetsera. Wofufuza amacheza ndi anthu ochepa, mwina 20 kapena 30, koma aliyense amampatsa nthawi yokwanira kuti afotokoze m'mau akeake. Nthawi zina amasonkhanitsa kagulu kuti kakambirane, kapena amakhala m'mudzimo kuona m'mene anthu amakhalira, kapena amawapempha kuti azilemba zochitika za tsiku ndi tsiku. Akabwerera amalemba mau onse amene anamva, osasiya ndi amodzi omwe, n'kumawawerenga mobwerezabwereza mpaka ataona nkhani zimene zikutulukatuluka m'kamwa mwa anthu osiyanasiyana.

Tiyerekeze kuti bungwe lakumba mjigo koma amai ambiri akutungabe kudambo. Wowerengera adzatiuza kuti otunga pa mjigo ndi angati. Koma kuti tidziwe kuti madzi ake ndi amchere ndipo nyemba sizipsa, kapena kuti mjigowo uli pafupi ndi manda, pafunika wina akhale pamkeka ndi amaiwo. Funso lakuti "angati" ndi funso lakuti "chifukwa chiyani" ndi mafunso awiri, ndipo lililonse lili ndi chida chake. Amene tinapitako ku sukulu ya uphunzitsi tikukumbukira dzina la Jean Piaget wa ku Switzerland. Iyeyo ankathira madzi omwewo m'kapu yaitali n'kufunsa mwana ngati madzi achuluka. Mwana akalakwa, Piaget sankathamangira kumuwongolera. Ankamufunsa chifukwa chimene waganizira choncho, pakuti m'kulakwa m'menemo ndi m'mene ankaoneramo kaganizidwe ka mwana.

Mudzi umene fakitale yake inatsekedwa

Marienthal ndi kamudzi ka m'dziko la Austria, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Vienna. Mudziwu unakula chifukwa cha fakitale ya nsalu, ndipo pafupifupi banja lililonse linkadyera momwemo. Pakati pa chaka cha 1929 fakitale inayamba kutseka mbali zake imodzi ndi imodzi, ndipo mu February 1930 makina omaliza anazima. M'mudzimo munali anthu 1,486 m'mabanja 478. Mabanja atatu mwa anayi alionse anatsala opanda wogwira ntchito, akudalira kandalama kochepa kamene boma linkapereka kwa malova pa masabata awiri alionse.

Pa nthawiyo ku Vienna kunali kagulu ka ophunzira achinyamata kotsogozedwa ndi Paul Lazarsfeld, kogwirizana ndi sukulu ya saikoloje ya Karl Bühler ndi mkazi wake Charlotte pa yunivesite ya mumzindawo. Poyamba ankafuna kufufuza m'mene anthu apantchito amagwiritsira ntchito nthawi yawo yopuma. Atakamuuza Otto Bauer, mtsogoleri wa chipani choimira anthu apantchito, iye anawadzudzula kuti n'kupanda nzeru kufufuza za kupuma pamene anthu akusowa ntchito, ndipo anawalozera ku Marienthal. Ntchito inayamba kumapeto kwa 1931 n'kutha chapakati pa 1932. Amene analemba gawo lalikulu la bukulo ndi Marie Jahoda, mai amene anali ndi zaka 24 zokha pamene ntchito inkayamba. Hans Zeisel analemba gawo la mbiri ya kafukufuku wotere, ndipo Lotte Danzinger ndiye anakhalitsa m'mudzimo kucheza ndi mabanja.

Gululi linadziikira lamulo lakuti pasapezeke wina wopita ku Marienthal kukangoonerera. Aliyense anayenera kukhala ndi ntchito yothandiza anthu. Anasonkhanitsa zovala pafupifupi 200 ku Vienna, n'kuyendera mabanja 100 kufunsa chovala chimene chikusoweka. Anatsegula sukulu yodula ndi kusoka zovala ya amai, masewera olimbitsa thupi a atsikana, ndiponso madokotala ankabwera sabata iliyonse kudzaona odwala kwaulere. M'menemo ndi m'mene ankamvera nkhani za anthu. Analemba mbiri ya moyo wa abambo 32 ndi amai 30. Anthu 80 analemba m'mene anathera tsiku lawo, ola ndi ola. Mabanja pafupifupi 40 analemba chakudya chimene anadya kwa sabata yathunthu. Ana a sukulu analemba zimangirizo zonena zimene amakhumba. Ofufuzawo anaonanso mabuku a ku nyumba yobwereketsa mabuku, a m'sitolo ndi a mabungwe a m'mudzimo. Pomaliza mapepala onse analemera makilogalamu pafupifupi 30.

Tione tsopano zimene anapeza, pakuti sizinali zimene iwo ankayembekeza. Ofufuzawa anali okonda ndale, ndipo m'chipani mwawo munali mtsutso: kodi anthu akakhalitsa pa ulova amadzuka kumenyera ufulu wawo kapena amafooka? Ku Marienthal anapeza mudzi wotopa. Kale anthu ake anali otchuka pa ndale, pa zisudzo ndi pa masewera. Tsopano bwalo lopumulirako limene ankanyadira linali litamera tchire, chonsecho panali abambo ambirimbiri opanda chochita amene akanatha kulilambula. Kubwereka mabuku kunatsika ndi pafupifupi theka pakati pa 1929 ndi 1931, ngakhale kuti ndalama yobwerekera anali ataichotsa. Anthu ambiri anasiya kuwerenga nyuzipepala ya chipani chawo. Chimene chinakula ndi kunenezana kuboma, pakuti munthu akapezeka akugwira kaganyu ankamlanda chithandizo chija. Galu kapena mphaka akasowa, mwini wake sankadandaulanso, podziwa kuti ena achita ndiwo.

Nkhani imene inadabwitsa anthu koposa ndi ya nthawi. Tikanaganiza kuti munthu wopanda ntchito ndiye wolemera pa nthawi. Koma abambo aja atapatsidwa pepala kuti alembe zimene achita ola lililonse, ambiri anasowa cholemba. Ankakumbukira kudzuka, kudya masana ndi kugona. Pakati pakepo panali pongoti zii. Ofufuza anakhala pamalo obisika chakumasana n'kumaona anthu oyenda mumseu waukulu wa m'mudzimo. Abambo ankayenda mwapang'onopang'ono, n'kumaima kawiri kapena katatu pa kamtunda kochepa. Amai ankayenda mofulumira, ndipo oima anali ochepa. Chifukwa chake n'chakuti amai ntchito yolipidwa inawathera koma tsiku lawo linali lodzazabe: kuphika, kuchapa, kusoka zigamba, kulera ana. Komabe amai ambiri ananena kuti fakitale itatsegulidwa angabwerereko, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma chifukwa kumeneko ankaonana ndi anzawo m'malo mongokhala m'nyumba.

Ana nawonso sanasiyidwe. Atafunsidwa mphatso imene angakonde pa Khirisimasi, ana a ku Marienthal anatchula zinthu za mtengo wa mashilingi 12 a ku Austria, pamene ana a m'midzi yoyandikana nayo anatchula za mashilingi 36. Ena sanalembe n'komwe kuti "ndikufuna"; analemba monga munthu wonena chinthu chimene akudziwa kale kuti sichichitika. Taganizani, mwana wamng'ono kuphunzira kuchepetsa ngakhale maloto ake!

Mabanja 100 amene anawadziwa bwino aja anawagawa m'magulu anayi. Mabanja 16 anali olimbabe mtima, akukonzabe za mawa ndi kufunafuna ntchito. Mabanja 48 anali atangovomereza: nyumba yosesa, ana osamba, koma za kutsogolo osaziganiziranso. Mabanja 11 anali otaya mtima, ndipo 25 anali atalekerera zonse, nyumba ndi ana omwe. Atayerekeza magulu amenewa ndi ndalama zolowa m'nyumba, anapeza kuti olimba mtima aja ankapeza mashilingi 34 pa munthu pamwezi, ovomereza 30, otaya mtima 25, olekerera 19. Apa mpofunika kuimapo pang'ono. Kusiyana kwa mashilingi ochepa chabe ndi kumene kunkalekanitsa banja loimabe ndi banja logwa. Ndiye amene amafulumira kunena kuti malova ndi aulesi ayenera kufunsa kaye chimene chinayamba ndi chiti. Abambo oyenda mozengereza aja ndi omwewo amene zaka ziwiri m'mbuyomo ankadzuka m'mamawa kuthamangira ku fakitale.

Onaninso kuti ofufuzawa sanataye kuwerengera. Anayamba ndi kumvetsera, ndipo zimene anamvazo ndi zimene zinawauza choti awerenge. Ndani akanaganiza zoyeza kayendedwe ka munthu mumseu akanapanda kuona kaye mapepala osalembedwa aja? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Buku lawo, Die Arbeitslosen von Marienthal, linatuluka ku Leipzig mu 1933, chaka chimene Hitler analowa m'boma ku Germany. Maina a olemba sanaikidwe pachikuto chifukwa anali Ayuda. Lazarsfeld anapita ku America chaka chomwecho, ndipo anadzatchuka pa yunivesite ya Columbia chifukwa cha kafukufuku wowerengera. Jahoda anamangidwa mu 1936 chifukwa chothandiza mobisa chipani chimene boma la Austria linali litaletsa, ndipo mu 1937 anamtulutsa pa mfundo yakuti achoke m'dzikomo. Anapita ku England, ndipo mu 1965 anakhala pulofesa pa yunivesite ya Sussex. Bukulo linatuluka m'Chingerezi mu 1971, patatha zaka 38. Mu 1982 Jahoda analembanso za nkhani yomweyi, kufotokoza kuti ntchito imapatsa munthu zinthu zisanu kuwonjezera pa malipiro: imamgawira tsiku, imamkumanitsa ndi anthu a kunja kwa banja lake, imamlowetsa m'cholinga chimene ali nacho pamodzi ndi ena, imampatsa dzina pakati pa anthu, ndipo imamchititsa kukhala ndi chochita tsiku lililonse. Iye anamwalira mu 2001.

Moyo wa ku sukulu za ukachenjede

Ngati kumvetsera kuli kopindulitsa chotere, n'chifukwa chiyani akatswiri a saikoloje anakunyoza kwa zaka zambiri? Kuti timvetse, tiyenera kudziwa m'mene mphunzitsi wa pa yunivesite amadyera. Iye sakwezedwa pa ntchito chifukwa chophunzitsa bwino pokha. Amamuwerengera nkhani zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri. Nkhani isanasindikizidwe imapita kwa akatswiri anzake awiri kapena atatu, amene maina awo samuuza, kuti aiweruze. Ngati oweruzawo anaphunzira kuti sayansi ndi manambala basi, nkhani ya munthu amene wacheza ndi amai 20 amaibweza, amvekere izi ndi nthano chabe. Wophunzira wanzeru akaona zimenezi amasankha njira imene ingampatse digiri ndi ntchito. Komanso kumvetsera kumadya nthawi. Kulemba mau a kucheza kwa ola limodzi kumatha maola angapo, pamene mapepala a mafunso mazana awiri ukhoza kuwagawa m'kalasi tsiku limodzi.

Chapakati pa zaka za m'ma 1900, akatswiri ambiri ku America ankaphunzitsa kuti sayansi iyenera kuona zochita za munthu zimene zingayezedwe, osati zimene munthuyo akunena za mumtima mwake. Ankayesa makoswe ndi nkhunda, ndipo akafuna anthu ankatenga ophunzira a pa yunivesite pomwepo, chifukwa ndiwo anali pafupi. Chizolowezi chimenechi chinakhalitsa. Mu 2008 Jeffrey Arnett anaunika magazini akuluakulu a saikoloje a zaka za 2003 mpaka 2007, ndipo anapeza kuti mwa magulu 100 alionse a anthu ofufuzidwa, 68 anali a ku United States. Zinaonekanso kuti 96 anali ochokera m'maiko olemera a azungu, m'mene mumakhala anthu 12 okha mwa 100 alionse a pa dziko lapansi. Chonsecho mabuku ankalemba ngati kuti akunena za munthu aliyense.

Kuopsa kosiya ena kunja kunaonekera pa nkhani ya Lawrence Kohlberg. Mu 1958 iye anamaliza kafukufuku wa m'mene ana amakulira pa kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Ankawafotokozera nkhani ya bambo amene mkazi wake akufa ndipo alibe ndalama zogulira mankhwala, n'kuwafunsa ngati bamboyo angabe mankhwalawo. Kuchokera m'mayankho awo anakonza makwerero asanu ndi limodzi a kukhwima kwa chikumbumtima. Koma ana 72 amene anayamba nawo ku Chicago onse anali anyamata. Carol Gilligan, amene anagwirapo naye ntchito ku Harvard, anamvetsera atsikana ndi amai, ndipo mu 1982 analemba buku lotchedwa In a Different Voice. Iye anati ambiri mwa iwo poweruza nkhani ankayamba ndi kufunsa kuti apwetekedwe ndani ndipo ubale usungidwa bwanji, ndipo anati kaganizidwe kotere sikoperewera, koma kuti muyeso uja sunakonzedwe kuti ukamve. Akatswiri ena anamtsutsa, atapeza kuti amuna ndi akazi sasiyana kwenikweni pa muyeso wa Kohlberg. Mtsutsowo unali woyenera, koma funso limene Gilligan anadzutsa linatsala: amene anafunsidwa ndani, ndipo amene anasiyidwa ndani?

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 1967 Barney Glaser ndi Anselm Strauss, akatswiri a za chikhalidwe cha anthu amene anafufuza za odwala oyandikira imfa m'zipatala za ku California, analemba ndondomeko yotulutsira mfundo kuchokera m'zimene waona ndi kumva. Mu 2004 ku Britain kunayamba magazini yotchedwa Qualitative Research in Psychology, ndipo mu 2006 Virginia Braun ndi Victoria Clarke analembamo nkhani yofotokoza masitepe asanu ndi limodzi osanthulira mau a anthu, imene ophunzira ambiri akhala akutsata. Bungwe lalikulu la akatswiri a saikoloje ku America linatulutsa malamulo a kalembedwe ka kafukufuku womvetsera mu 2018. Owerengera nawonso anadzichepetsako. Mu 2015 gulu lalikulu la akatswiri linabwereza ntchito za kafukufuku 100 zimene zinasindikizidwa kale m'magazini otchuka, ndipo zimene zinatulukanso monga poyamba zinangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu.

Tisanamizane kuti kumvetsera kulibe mbuna zake. Wofufuza akhoza kumva chokhacho chimene anabwera akufuna kumva, n'kusankha mau a munthu mmodzi amene akugwirizana ndi maganizo ake. Wofunsidwa naye akhoza kunena chimene akuganiza kuti mlendo akondwera nacho. Pakakhala womasulira, mau ena amathera panjira. Ndiponso anthu 30 a mudzi umodzi si dziko lonse. Anthu a ku Marienthal anazolowera kuti tsiku amawagawira ndi fakitale. Sitingatenge zimene zinapezeka kumeneko n'kuzivundikira pa mlimi amene chaka chake chimagawidwa ndi mvula. Choncho wofufuza woona amasunga mau monga ananenedwera, amafunafuna dala anthu otsutsa zimene wapeza, amalemba poyera kuti iye ndani ndipo ndalama anampatsa ndani, ndipo ngati n'kotheka amabwerera kwa eni mau kukawawerengera kuti avomereze kapena akane.

Chitsanzo cha kwa anansi athu

Ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1990, dokotala wa matenda a maganizo Vikram Patel ndi anzake ankafuna njira yodziwira odwala nkhawa m'zipatala zing'onozing'ono za ku Harare. M'malo mongomasulira mafunso a ku Ulaya, anayamba ndi kufunsa anamwino, asing'anga ndi odwala eni ake m'mene amatchulira vuto lawo. Liu limene linkatulukatuluka linali la Chishona lakuti kufungisisa, limene kwathu kuno timati kuganiza kwambiri. Kuchokera m'mau a anthuwo anakonza mafunso 14, amene anasindikizidwa mu 1997. Mu 2006 dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Mbare ntchito yotchedwa Friendship Bench: agogo aakazi othandiza pa zaumoyo, ataphunzitsidwa, amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumacheza ndi wovutika maganizo. Pambuyo pake ntchitoyi anaiyesa mwa njira yowerengera pa anthu 573 m'zipatala 24, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anacheza ndi agogo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, pamene mwa enawo anali pafupifupi 50. Kumvetsera kunapeza dzina la nthenda ndi njira yofikira anthu, ndipo kuwerengera kunatsimikiza kuti njirayo ikuthandizadi.

Wofufuza akafika pakhomo pathu

Pali mbali ina ya nkhani ya Marienthal imene sitiyenera kuibisa. Anthu ambiri a m'mudzimo sanauzidwe bwinobwino kuti akufufuzidwa. Mai amene analandira mlendo wodzafunsa za zovala sankadziwa kuti mlendoyo akulembanso za ukhondo wa m'nyumba mwake ndi m'mene amakhalira ndi mwamuna wake. Abambo oyenda mumseu sankadziwa kuti wina akuwawerengera nthawi. Ofufuzawo anali ndi mtima wabwino, maina a anthu anawabisa, ndipo zovalazo zinathandizadi. Koma lero komiti yoona za kafukufuku ikanawafunsa mafunso ambiri isanawalole. Dziko linaphunzira mowawa pa nkhanza zimene madokotala a Hitler anachitira akaidi, ndipo kuchokera pa mlandu wawo ku Nuremberg mu 1947 panatuluka lamulo lakuti munthu ayenera kuvomera yekha mwaufulu asanayesedwe. Malamulo oyendetsera dziko lathu a 1994, mu gawo 19, amanenanso kuti munthu asayesedwe pa za chipatala kapena za sayansi popanda chilolezo chake. Kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti, monga National Health Sciences Research Committee ya mu Unduna wa Zaumoyo kapena komiti ya pa yunivesite, ndipo mfundo ya chilolezo imakhudzanso wofufuza wongobwera kudzacheza.

Choncho wofufuza akafika, tili ndi ufulu womufunsa dzina lake, kumene wachokera, amene wamtuma, ndi kalata yomuloleza. Afotokoze m'chilankhulo chathu cholinga chake, nthawi imene atidyere, ndiponso ngati ajambule mau athu, amene adzawamve ndi ndani. Tikhoza kukana osapereka chifukwa. Tikhoza kuvomera koma n'kulumpha funso lina, kapena kuimitsa macheza pakati. Kukana sikungatilanditse mankhwala kuchipatala kapena dzina pa kaundula wa chithandizo. Kuti a mfumu alola ofufuza kulowa m'mudzi ndi ulemu woyenera, koma si chilolezo cha munthu aliyense payekha. Bambo sangavomerere mkazi wake. Mwana amafunika chilolezo cha kholo, ndipo iye mwini afunsidwenso. Amene sitidziwa kuwerenga tisadinde chala pa pepala lisanawerengedwe pamaso pa mboni imene taisankha tokha. Pa zokambirana za pagulu tichenjere: wofufuza angalonjeze kusunga chinsinsi, koma sangatseke pakamwa pa anzathu amene takhala nawo pabwalopo.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Pali chizolowezi chodzichepetsa dala pamaso pa mlendo, kubisa mbuzi ndi kuchulukitsa ana amasiye, poganiza kuti pabwera thandizo. Wophunzira amene akulemba kafukufuku wa digiri yake nthawi zambiri alibe thumba la chimanga loti agawe, ndipo bodza limene talemba naye likhoza kukafika pa tebulo la okonza ndondomeko za boma ngati choona. Ngati tavomera kuyankha, tiyankhe zoona. Ngati sitikufuna, ndi bwino kungokana. Ndipo asanatsanzike timufunse tsiku limene adzabwere kudzatiuza zimene wapeza, ndi kumene tingakadandaule ngati mau athu agwiritsidwa ntchito molakwika.

Mafunso okambirana m'Mphakati

1. Kodi m'dera lathu munabwerapo ofufuza? Anatiuza zotani asanayambe kufunsa, ndipo anabweranso kudzatiuza zimene anapeza?

2. Pa zinthu zisanu zimene Marie Jahoda anati ntchito imapatsa munthu, ndi ziti zimene achinyamata athu omaliza sukulu akusowa kwambiri? Nanga mlimi amazipeza kuti?

3. Ofufuza a ku Marienthal anathandiza anthu koma sanawauze zonse. Kodi analakwa? Tikanakhala ife eni mudzi tikanamva bwanji titadziwa pambuyo pake?

4. Tchulani vuto limodzi la m'mudzi mwathu limene aliyense amadziwa kuchuluka kwake koma palibe amene anafunsapo eni ake chifukwa chake. Tingayambe ndi kufunsa ndani?